Magazi a M'chingwe cha Mchombo

"Fomu imeneyo simusaina, mlamu. Ine ndili moyo, ayi ndithu."

A Etta ananena mawuwa ataima pakati pa khitchini, jekete ili m'thupi, chikwama chili m'khwapa. Anali atangotsika basi kuchokera ku Croydon, ndipo ngakhale moni sanapereke. Iwo ndi mlongo wake wamkulu wa Shadrick, ndipo kuno ku London amadziyesa maso ndi pakamwa pa amayi awo amene ali ku Mzimba.

Tionenji, mkazi wa Shadrick, anali pampando, mimba ya miyezi isanu ndi itatu itagunda m'mphepete mwa tebulo, miyendo yotupa ataisanjika pa ndowa.

"Ndasaina kale, alamu. Iyi ndi copy chabe."

"Mwasaina? Mwafunsa ndani?"

"Ndafunsa dokotala wa Wezzie. Ndafunsa azamba. Bambo a Wezzie awa ndawauza katatu konse, akungoti tiona."

Shadrick anali pa sinki, akutsuka kapu imodzimodzi imene inayera kalekale. Ndi munthu wabwino Shadrick, aliyense ku tchalitchi amatero, koma mlongo wake akakweza mawu lilime lake limapita kokabisala.

"Shadrick, tembenuka," anatero a Etta. "Ukudziwa zimene wachita mkazi wakoyu? Wapereka mchombo wa mwana wathu kwa alendo, mwana asanabadwe n'komwe. Kwathu zotsalira za mwana sizigwiridwa ndi munthu wamba. Mchombo wa Wezzie ndinaunyamula ndine m'kampango mpaka ku Embangweni, amama n'kuukwirira okha. Ndiye uyu akakhale mu freezer ngati nkhuku?"

"Mchombo mudzatenga, alamu. Kachitsa kaja kamene kamauma n'kugwa palibe akukafuna. Madokotala akufuna magazi otsala m'chingwe, mwana atabadwa kale, chingwe atachidula. Sizimupweteka mwana, sizindipweteka ine. Pa Wezzie magazi omwewo anapita mu bin ya chipatala, inu muli pomwepo mukuimba aleluya."

"Pakamwa apo!"

"Ndilongosole, mumve kaye. M'magazi amenewo muli ma stem cell. Ndi maselo anthete, amene sanasankhe ntchito. Mukazika phesi la chinangwa, pa diso lija pamatuluka zimene mbewu ikusowa, kaya mizu kaya masamba. Awanso n'chimodzimodzi. Akawaika mwa Wezzie akakhazikika m'mafupa n'kuyamba kupanga magazi atsopano, ozungulira bwino, osati opindika ngati chikwakwa amene amamutsekera m'mitsempha. Mwanayu anamuyeza ali m'mimba, nthenda ya Wezzie ija, sickle cell, alibe. Ngati magazi ake angagwirizane ndi a Wezzie, Wezzie atha kuchira."

"Ngati."

"Eya, ngati. Mwayi ndi umodzi pa inayi. Koma magaziwo amatengedwa tsiku limodzi lokha, mphindi zochepa. Akauma auma."

A Etta anaika chikwama patebulo, pamwamba penipeni pa pepala lija.

"Musandiphunzitse biology ine, ndagwira mu care home yosamalira okalamba zaka fifteen. Magazi ndi moyo. Kutunga moyo wa mwana uyu n'kukathira mwa mwana uyo, kwathu kuli ndi dzina lake, ndipo ndi dzina loipa. Ndi kukhwima kumeneko. Nthenda munabwera nayo nokha kuchokera kwanu ku Dedza. Kwathu kulibe. Mwatipundulira woyamba, lero mukufuna mutidyere wachiwiri?"

Tionenji anayang'ana msana wa mwamuna wake. Anadikira. Madzi a pa mpopi anapitiriza kutuluka.

Apa mpofunika kunena zoona, poti Shadrick sananene. Nthenda imeneyi mwana saitengera kwa kholo limodzi. Mayi amapereka theka, bambo theka, onse awiri ali athanzi osadziwa kanthu. Wezzie atabadwa, a chipatala anawayeza onse awiri, ndipo kalata ya Shadrick inali mu envulopu imodzi ndi mapasipoti. Koma kwa zaka zisanu ndi ziwiri munthuyu analola amayi ake, alongo ake ndi azakhali ake kumatchula mkazi wake kuti wa magazi oipa. Ankati amama ali ndi BP, akamva agwa. Ndipo Tionenji, pofuna mtendere wa banja, anasenza. Ambiri timasenza choncho, n'kumatchedwa akazi aulemu.

Chitseko cha kuchipinda chinatseguka pang'ono. Wezzie anasuzumira, kamtsikana koonda, maso achikasu, atavala majuzi awiri ngakhale hita inali yoyaka.

"Mum, is Auntie angry because of me?"

"Ayi, mwanawe. Auntie atopa ndi basi. Pita ukagone."

A Etta anamuitana, namupsompsona pamphumi, namupatsa bisiketi. Amamukonda ndithu mwanayu, ndiye chopweteka chake.

Lachinayi la sabata yotsatira linali tsiku loonjezera Wezzie magazi. Mwezi uliwonse ankatero, kuyambira pamene makina anaonetsa kuti mitsempha ya m'mutu mwake yayamba kuthina ndipo akhoza kuchita sitiroko. Pobwerako anapeza bokosi loyera litafika, lomatidwa bwino, dzina la Tionenji lili pamwamba. Munali thumba lolandirira magazi, singano ndi mapepala. Chipatala chimene Tionenji ankayembekezera kukachirira sichinkasunga zotere, n'chifukwa chake a kosungira magaziwo anachita kutumiza, ndi malangizo akuti matenda akayamba alinyamule pamodzi ndi zovala za mwana.

Wezzie atagona pa sofa, Tionenji analiika pamwamba pa wadirobu. Shadrick anaima pakhomo.

"Amake Wezzie, tingalibweze kaye?"

"Chifukwa?"

"Amama aimba. Akulira. Akuti tikachita zimenezi mwana adzakhala wopepera, mtima wake uli kwina thupi kwina."

"Inuyo mukukhulupirira zimenezo?"

"Si nkhani ya ine."

"Ndi nkhani ya ndani? Munalipo pamene dokotala amajambula papepala. Munafunsa mafunso kuposa ine. Pa bus stop munalira, n'kuti Mulungu watikumbukira. Lero foni imodzi yafufuta zonsezo?"

"Pali njira zina. Akuti pali register ya ma donor, anthu opereka maselo omwewo."

"Atifunira zaka ziwiri pa register imeneyo. Anthu akuda olembetsa ndi angati? Inuyo munalembetsa? Achemwali anu analembetsa? Ku tchalitchi tilipo anthu handiredi, munaimapo n'kunena kuti mwana wanga akufuna donor? Mumawauza kuti Wezzie ali ndi chifuwa."

"Anthu amalankhula, Tionenji."

"Azilankhula. Bambo a Wezzie, chipongwe cha abale anu ndachimeza zaka seveni, ndipo ndikanachimezabe. Koma icho chimapweteka ine. Ichi chipweteka mwana. Apa pokha sindisuntha."

Shadrick anakanda m'mutu nati achedwa ku shifiti.

Loweruka a Etta anabwera ndi sutikesi. Anati atenga tchuthi kuti adzathandize pa uchembere, ndipo anathandizadi. Anakolopa, anachapa makatani, anaphika, anamusisita Tionenji miyendo ndi mafuta. Za bokosi sanazitchulenso. Tionenji anaganiza kuti mwina mitima yafewa. Anayamba ngakhale kudzimvera chisoni kuti anawayankha mwamwano. Sabata ziwiri zinapita choncho, mwakachetechete.

Lamlungu m'mawa Shadrick ndi a Etta ananyamuka molawirira kupita ku tchalitchi ku Peckham, poti Shadrick ndiye woimba kiyibodi. Tionenji anatsala ndi Wezzie chifukwa msana unali ukumuwawa chidzukireni. Cha m'ma teni koloko, akupukuta mbale, nsupa inasweka. Kunali kudakali masabata awiri kuti tsiku lake likwane.

Sanachite mantha. Anasintha zovala, natenga chikwama cha mwana, nakokera mpando pafupi ndi wadirobu. Anapapasa pamwamba. Dzanja linabwera ndi fumbi lokha.

Anafuna pansi pa bedi, kuseri kwa sofa, mu sutikesi ya a Etta. Ululu woyamba weniweni unamupeza atagwada m'bafa akusuzumira kuseri kwa makina ochapira.

"Are you looking for the baby's box?" anafunsa Wezzie. "Auntie put it in the big blue bag. Daddy carried it down. He said it's going for prayers."

Tionenji anakhala pansi pa matailosi ozizira. Sanalire. Mkwiyo umene unamugwira unali woti misozi sikanapeza podutsa. Mwamuna wake, ndi manja ake, watsitsa bokosi la mwana wake pa masitepe! Anaimba foni ya Shadrick, inali yozimitsa. Anaimba ku chipatala. Mzamba anati abwere msanga, ndipo za bokosi anati lina silingafike lero, pa Lamlungu, mwina Lachiwiri.

"Lachiwiri mwana adzakhala akuyamwa," anatero Tionenji, nadula foni.

Anatsegula envulopu ya mapasipoti, natulutsa kalata imodzi. Wezzie anamusiya kwa mayi wa nyumba yoyandikana. Kenako, chikwama paphewa, thaulo atapinda m'kati mwa chitenje, anakwera basi ya 171. Ululu unkabwera mphindi khumi zilizonse. Ukabwera ankagwira chitsulo cha mpando n'kuwerama, ukapita n'kuwongoka. Mayi wina wachikulire anamufunsa ngati aitane ambulansi. Tionenji anati ayi, ali ndi katundu woti akatenge.

Tchalitchi chawo chili pamwamba pa shopu ya nsomba zouma ndi zilazi, masitepe makumi awiri ndi anayi. Anawakwera mopumira. Atakankha chitseko anapeza ndi nthawi ya maumboni, bambo wina akuthokoza chifukwa cha ntchito yatsopano. Kutsogolo, pansi pa tebulo la abusa, panali zinthu zimene anthu amabweretsa kuti zipemphereredwe, makalata a visa, makiyi a galimoto, mayunifomu. Chapambali, patali ndi zinazo, panali chikwama chabuluu, pamwamba pake atadonthezapo mafuta odzozera.

Tionenji anayenda pakati pa mipando, miyendo tang'a, anthu akumutembenukira. Anatambasula dzanja, ndipo bambo wa umboni uja anangomupatsa maikolofoni osadziwa kuti wapereka bwanji.

"Aleluya, mpingo."

"Ameni," anayankha ochepa.

"Abusa, pepani, sindinalembetse. Sindichedwa, nsupa yasweka kale. Ndingofunsa, m'chikwama icho anakuuzani kuti muli chiyani?"

Abusa anayang'ana a Etta, amene anali pa mzere woyamba, duku loyera kumutu.

"Mayi Etta anati ndi katundu wa mdima amene walowa m'nyumba mwanu. Timati tikaweruka tipemphere, kenako akatayidwe."

"Munatsegula?"

"Sitinatsegule."

"Ndikuuzani ndine. Mwana wanga Wezzie alibe chifuwa. Takhala tikukunamizani. Ali ndi sickle cell. Akayamba kulira ndi mafupa, ngakhale kumukhudza chala sungathe. Mwezi uliwonse amamuthira magazi a anthu amene sitikuwadziwa, azungu, amwenye, kaya ndani, ndipo alamu anga awa sanatchulepo kuti kumeneko ndi kukhwima. Lero mng'ono wake akubwera ndi magazi otsala m'chingwe cha mchombo, magazi otaya, amene angamuchiritse. M'bokosi umo muli thumba lolandirira magaziwo. Ndiwo mdima wake umenewo."

A Etta anaimirira.

"Mlamu, mwapenga? Za m'chikuta pamaso pa azibambo? Mulibe manyazi?"

"Manyazi ndinali nawo, alamu. Ndi amene atifikitsa pano."

Ululu unabwera. Tionenji anagwira tebulo la abusa ndi manja onse, maikolofoni ikukuza mpweya wake m'chipinda chonse. Utapita, anatembenukira ku ngodya kumene kunali kiyibodi.

"Bambo a Wezzie, chatsala chimodzi. Munena nokha kapena ndinene ine?"

Shadrick anatsegula pakamwa. Anayang'ana mlongo wake, nayang'ana zala zake. Chigongono chinagunda kiyibodi, n'kulira kamodzi ngati mbuzi.

"Chabwino." Tionenji anafunyulula kalata. "Alamu anga akhala akuuza anthu kuti nthendayi ndinabwera nayo ine. Ena a inu munamva, munasiya kundipatsa makanda anu kuti ndiwanyamule, musaganize kuti sindinaone. Kalata iyi ndi ya chipatala, dzina ndi la amuna anga. Theka ndi langa, theka ndi lawo. Ndiye kuti anaitengera kwa amama kapena kwa adada awo, ku Embangweni komweko. Alamu, n'kutheka inunso muli nako kambewu kameneka. Si tchimo. Si ufiti. Palibe analakwa. Cholakwa n'chakuti mwana afe chifukwa akuluakulu tikuopa kunenedwa."

"Bodza!" anakuwa a Etta. "Shadrick, nena kuti ndi bodza!"

Shadrick sanadzutse mutu, ndipo mpingo wonse unamva yankho lake.

Kumbuyo kunaimirira mayi Ellen, namwino wa zaka zambiri, munthu wosalankhulalankhula. Anabwera kutsogolo akufunafuna makiyi m'chikwama.

"Zimene wanena mwanayu n'zoona zokhazokha," anatero osatenga maikolofoni. "Mdzukulu wanga ali nayo. Ifenso takhala tikuti ndi asthma. Tiyeni, mayi, galimoto ili kuseri."

Anawerama kuti atole chikwama chabuluu, koma a Etta anafika msanga. Anachikumbatira pachifuwa.

"Ichi sichituluka. Amama anandituma. Mukachita zimenezi mwana ameneyo si wathu."

Tionenji anakoka mpando, nakhala pang'onopang'ono, nayamba kumasula nsapato.

"Mukutani, mayi?" anafunsa abusa.

"Ndikuberekera pompano, abusa. Bokosi lili kuno, namwino ali kuno. Kumene kuli bokosi n'kumene ndichirire. Azibambo amene ali ndi manyazi atuluke. Pepani ndi carpet yanu."

Sankaseka. Abusa anamuyang'ana kumaso, nayang'ana chitenje chimene chinali chitanyowa kale, thukuta n'kuwatuluka pamphuno.

"Mayi Etta, perekani katunduyo."

"Abusa, simukudziwa mwambo wathu."

"Mwambo wanu sindikuudziwa, koma bodza ndimalidziwa, ndipo mwandinamiza pa guwa. Perekani."

Amayi awiri a kwaya anawagwira a Etta m'mapewa mofatsa, mayi Ellen n'kusolola chikwama. Anatulutsa bokosi, nalitembenuza uku ndi uku. Mafuta anali atathera pa chikwama chakunja, chomata chinali chosang'ambika.

"Lili bwino. Tiyeni."

Masitepe aja Tionenji anawatsika atakolowekedwa m'mapewa a amayi awiri, koma bokosi anakana kupatsa munthu. M'galimoto analifungatira pamwamba pa mimba mpaka pa chipata cha chipatala.

Mwana anabadwa itangokwana folo koloko masana, wamkazi, wa mawu ngati wapolisi. Anamugoneka pachifuwa pa amake. Mzamba anadikira pang'ono, namanga chingwe, nachidula. Kenako anabaya singano ku mbali yotsalayo, ndipo magazi akuda bii anayamba kutsika m'kapaipi kulowa m'thumba. Tionenji, dzanja lili pamsana pa khanda, anapotoza khosi kuti aone. Thumba linafufuma pang'onopang'ono. Mzamba analikweza m'manja, nalimata, nalemba dzina, namwetulira. Anati magazi ndi okwanira, ndipo zakuti akugwirizana ndi a Wezzie kapena ayi adzamva pakatha masabata angapo. Pasanathe ola, munthu wa njinga yamoto anali atanyamula bokosi lija.

Apo m'pamene Tionenji analira, kulira kwenikweni, mpaka khanda linadzidzimuka.

Dzuwa lisanalowe mayi Ellen anabwera ndi Wezzie. Kumbuyo kwawo kunali Shadrick, tayi ya ku tchalitchi idakali m'khosi, foni m'manja. Anaima pa katani, osalowa, osabwerera. Maso ake anali pa khanda, ndipo ankaoneka kuti akulakalaka kulinyamula.

"Amake Wezzie, mwachira bwanji?"

"Ndachira."

"Magazi aja?"

"Apita."

Shadrick anapuma mozama, ndipo pankhope pake panaoneka mpumulo umene anayesa kuubisa. Kenako anayang'ana foni.

"Achemwali awaimbira amama. Amama akuti mwawachititsa manyazi pa anthu. Akuti mwanayu iwo samutcha dzina, ndipo asadzaponde ku Embangweni."

"Ndamva. Inu mwawayankha chiyani?"

Shadrick anayang'ana pansi.

"Sindinayankhe. Amalira."

"Ndiye pitani mukalifune yankholo panja. Foni muli nayo. Mukawauza za kalata ija ndi pakamwa panu, mubwere mudzamunyamule mwana wanu."

"Tionenji, ndi mwana wanga."

"Onse awiri ndi anu. M'mawa munatsitsa bokosi la mmodzi pa masitepe."

Shadrick anatembenuka. Nsapato zake zinamveka m'khonde, zikuyenda pang'ono n'kuima, kuyenda n'kuima. Mayi Ellen anakoka katani.

Wezzie anali atakwera kale pa bedi, akusuzumira m'kansalu.

"Mum, did she give it? Did it hurt her?"

"Wapereka, ndipo sanamve n'komwe. Sendera kuno. Tambasula manja, umugwire bwino mutu mng'ono wako."